Yankho kwa alamu pa nkhani yoyang'anira anthu kuntchito

Alamu, ndaona funso lanu pagulu pano, loti akuikani kuyang'anira anthu 14 koma ntchito ikungochedwa, komanso aliyense akumabwera kwa inu ndi kalikonse. Ndangoti ndijambule mawu, kulemba kungatalike.

Vuto lagona pa kagawidwe ka ntchito. Mukanena pamsonkhano kuti "anthu inu mukonze lipoti ili", palibe amene mwamupatsa, aliyense aganiza kuti mnzake achita. Ntchito iliyonse ikhale ndi mwini wake mmodzi, womutchula dzina. Ena athandize, koma wodzayankha ndi mmodziyo. Ndiye mumuuze chimene mukufuna kudzaona ikatha, tsiku ndi nthawi yake, komanso zimene angagamule yekha osakufunsani. Chomalizachi ndi chimene ambiri amaiwala. Munthu akapanda kudziwa malire ake amaopa kulakwitsa, ndiye amadzafunsa ngakhale zogula mapepala a mu ofesi. Muuzeni kuti zosapitirira ndalama zakutizakuti achite yekha, adzangokudziwitsani pambuyo. Mukatha kulankhula, mumupemphe abwereze m'mawu ake zimene mwagwirizana. Eee, izi musazipeputse alamu, chifukwa "ndamva bwana" nthawi zambiri amanena munthu amene wachita manyazi kufunsa.

Musadikire tsiku lomaliza. Ngati ndi ntchito ya masabata awiri, ioneni pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, ikadali yosavuta kuwongola. Koma mukapeza kuti yapotoka, musailande n'kuichita nokha. Mukatero ngakhale kamodzi, mwawaphunzitsa kuti akachedwa inu mudzamaliza, ndiye mudzakhala womaliza kuweruka masiku onse.

Komanso anthu 14 achuluka kuti onse aziyankha kwa inu. Sankhani atatu odalirika, aliyense atsogolere kagulu ka anthu anayi kapena asanu kuphatikizapo iye mwini, ndipo muwauze onse poyera kuti mafunso ayambire kwa atsogoleriwo.

Msonkhano ukhale Lolemba m'mawa, mphindi 30 basi. Aliyense anene chimene wamaliza, chimene agwire sabata imeneyo, ndi chimene chikumutsekereza. Nkhani yokhudza anthu awiri okha akakambirane msonkhano ukatha. Wina alembe kuti ndani achita chiyani pofika liti, atumize kwa onse tsiku lomwelo, ndipo sabata yotsatira muyambire pa pepala limenelo. Popanda pepalalo, nkhani yomweyo muzingoibwereza mwezi wathunthu.

Pa kudzudzula, chonde musamachitire pagulu. Muitaneni pa awiri pasanathe masiku awiri, munene chimene chachitika ndi chimene chawonongeka: "Lipoti linafika Lachinayi m'malo mwa Lachiwiri, ndiye malipiro anachedwa." Zoti ndi waulesi musatchule, zimangomuumitsa mtima. Kenako khalani chete mumumvetsere, chifukwa mwina chinamuchedwetsa ndi chikalata chimene chinali pa desiki panu kudikira kuti musayine.

Ndisanaiwale, ngati gulu lanu limagwira ndalama, wovomereza kugula asakhale yemweyo wolipira n'kusunga malisiti, ngakhale mumamukhulupirira bwanji. Zimamuteteza iye yemweyo tsiku limene ndalama sizigwirizana ndi mabuku.

Usiku uno lembani ntchito zonse zimene zaima, pambali pa iliyonse muike dzina limodzi ndi tsiku. Mukatha nditumizireni kumbali, tizione limodzi Lolemba lisanafike.