Kambuzi Wanga Akukana Kupsa: Kodi Ndimuvundike?

Funso: Ndinawokera tsabola wa kambuzi m'zidebe kuseri kwa nyumba kumapeto kwa Malichi. Mitengo yakula bwino ndipo masamba ndi obiriwira kwambiri popeza ndimathira manyowa a nkhuku pafupipafupi, koma pano tili mu Julaye ndipo tsabola yense akadali wobiriwira. Mnzanga akuti ndithyole n'kuvundika pamodzi ndi nthochi monga timachitira ndi matimati. Kodi zimenezi zingathandize? — Mayi wa ku Dedza

Yankho: Mayi, chonde musathyole tsabolayo. Malangizo a mnzanuwo ndi oona pa nthochi, mapeyala ndi matimati, chifukwa zipatso zimenezi zikakhwima zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene umene umazipsetsa ngakhale zitachoka mu mtengo. Tsabola ndi wa banja limodzi ndi matimati, koma pa nkhani iyi khalidwe lake ndi lina: mukamuthyola ali wobiriwira kotheratu n'kumuvundika, kawirikawiri amangofota, khungu n'kuchita makwinya, mwinanso kuwolera m'thumba momwemo asanasinthe mtundu. Amene amamaliza kupsa ali m'nyumba ndi yekhayo amene wayamba kale kuonetsa chikasu kapena kufiira pena pake, ndipo woteroyo mungomuyala pa lichero pamalo ofunda, osamutsekera m'pepala lapulasitiki.

Chimene chikuchedwetsa tsabola wanu kwenikweni ndi chisanu. Mbewu imeneyi kwawo ndi ku madera otentha a ku America, ndipo inafika kuno ku Africa kudzera mwa Apwitikizi, choncho usiku ukamazizira kutsika madigiri 15, monga zimakhalira ku Dedza mu Juni ndi Julaye, mtengo umachita ngati wagona. Komanso kambuzi ndi wochedwa mwachibadwa: ngakhale nyengo ili yabwino amatenga miyezi 3 kapena 4 chiwokerereni kuti ayambe kupsa, ndipo chipatso chikafika pa msinkhu wake chimakhalabe chobiriwira masabata angapo. Mwayi wanu ndi wakuti munabzala m'zidebe. Zisunthireni pafupi ndi khoma la njerwa loyang'ana kumpoto, kumene dzuwa limadzera m'miyezi yozizira, chifukwa njerwa zimasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa usiku, kwinaku zikutchinjiriza mphepo ya mwera.

Za manyowa a nkhuku ndikupempheni kuti mulekeze pomwepo. Manyowa amenewa ali ndi nayitirojeni wambiri, amene amakometsa masamba koma n'kuchedwetsa zipatso, ndipo masamba anthete amaitana nsabwe za zomera. Kaphulusa pang'ono ka nkhuni kowazidwa mozungulira tsinde n'kokwanira pa nthawi ino. Thirirani pokhapokha dothi lapamwamba likauma mukalikhudza ndi chala, pakuti m'chidebe madzi akachuluka mizu imawola msanga nthawi yachisanu.

Kukayamba kufunda mu Ogasiti, muziyang'anitsitsa chipatso chimodzi chachikulu m'mawa uliwonse. Poyamba kubiriwira kumachita ngati kwasuluka, kenako pamatuluka kadontho kachikasu kumbali yoyang'ana dzuwa, ndipo pakangopita masiku ochepa chonse chimakhala chawala, fungo lija lokoma la kambuzi likumveka musanachigwire n'komwe. Fungo limeneli ndi limene ndikukuletserani kuthyola msanga, chifukwa kambuzi wobiriwira amawawa ndithu koma alibe kununkhira kumene timamukondera pa usipa kapena m'botolo la mafuta. Kuwawako kumachokera ku mankhwala achilengedwe otchedwa capsaicin, amene amapangidwa m'kamnofu koyera kogwira njere, osati m'njere zenizenizo monga ambiri amaganizira.

Pokolola dulani ndi kaphesi kake m'malo mokoka, popeza nthambi za tsabola sizichedwa kuthyoka, ndipo musambe m'manja ndi sopo musanakhudze m'maso kapena kunyamula mwana. Ngati mukufuna mbewu ya chaka chamawa, siyani zipatso ziwiri kapena zitatu za mu mtengo wathanzi kuti zipse mpaka kuyamba kufewa, muchotse njere zake ndi kuziyanika pamthunzi musanazisunge mu envulopu pamalo ouma.