Kodi wolemba ndakatulo angaphunzitse a m'maofesi n'kudyapo?

Funso: Ndine mphunzitsi wopuma ntchito kuno ku Kasungu, ndipo ndakhala ndikulemba nkhani ndi ndakatulo kwa zaka zambiri. Alembi a makoparetivu amandibweretsera malipoti awo kuti ndiwakonzere, mwaulere. Ndikufuna kuyamba bizinesi yophunzitsa ogwira ntchito m'maofesi kalembedwe kabwino. Kodi ingayende?

Yankho: Mayi, ingayende, ndipo makasitomala anu oyamba ndi omwewo akukugogoderani pakhomo. Koma tsiku la maphunziro ndakatulo muzisiye kunyumba. Bwana sagula mawu okoma. Chimene chimamuwawa ndi lipoti lobwezedwa katatu, kalata yopempha ngongole imene a banki sanaimve, kapena maminitsi a msonkhano osanena kuti ndani achite chiyani pofika liti. Pamenepo ndi pamene patayika ndalama, ndipo ndi pamene inu mugulitsire.

Bizinesi zotsogozedwa ndi olemba zimaima pa mfundo imodzi: munthu akalemba zosamveka, kawirikawiri amakhala asanatsimikize chimene akufuna kunena. Vuto si galamala. Wolemba nkhani anazolowera kudzifunsa kuti wowerenga wanga ndani, akudziwa kale chiyani, adzatopera pati. Kalaliki wa koparetivu ya mtedza sanaphunzitsidwepo kufunsa zimenezi. Amayamba ndi mbiri ya gulu masamba awiri, pempho lenileni n'kulibisa kumapeto, pamene wowerenga wayamba kale kusinza. Ntchito yanu ndi kumukhazika pampando wa wowerengayo.

Choncho musapite ndi manotsi okonzeratu ngati a m'kalasi. Pemphani zikalata zawo zenizeni sabata imodzi maphunziro asanachitike, mufufute mayina, muzikonzere limodzi. Munthu akaona lipoti lake la masamba 9 litatsika kufika pa 3 popanda kutaya kanthu, safunanso umboni wina. Musamuchititse manyazi pagulu. Akuluakulu sabweranso kwa amene anawaseka.

Za mapepala n'zachidule. Lembetsani dzina la bizinesi kuboma ndipo mutenge nambala ya wokhoma msonkho (TPIN) ku MRA, chifukwa bungwe lolongosoka sililipira wopanda zimenezi, komanso limadula msonkho lisanakulipireni. Pitaninso ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a luso la ntchito, mukafunse zolembetsa ngati wophunzitsa. Olemba anthu ntchito amapereka kale levi ya 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kumeneko, ndiye nkhani yophunzitsa antchito si yachilendo kwa iwo.

Mtengo muziutchula pa gulu lonse, osati pa mutu, ndipo theka lilowe musanayambe. Amene anachita ntchito pangongole kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa chimene ndikunena. Mulembenso m'pangano kuti holo, chakudya ndi alawansi ya ophunzira n'za bungwe lokuitanani. Nkhani ya alawansiyi musaitenge mopepuka: kwathu kuno ena amabwera ku wekishopu maso ali pa envulopu, ndipo mukapanda kunena poyamba, adzaiyembekezera kwa inu.

Kumbukirani kuti ndalama za Kasungu zimayenda ndi nyengo. Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa, makalabu ndi makoparetivu amakhala ndi kenakake m'thumba, koma nthawi alibe. Kambiranani nawo pamenepo, maphunzirowo muwaike msika ukatsekedwa. Ndipo mlembi wotsatira akabwera ndi lipoti, mumuuze mtengo musanatenge cholembera.