Mafunso anu: denga lokhota la njerwa lija tizilitchula chani?

Sabata ino mafunso atatu abwera onse a zomangamanga, ndiye ndangowaika pamodzi.

Loyamba ndi la mnyamata wina amene akuphunzira ubilidala ku Lilongwe. Akuti: "Aphunzitsi, ndaona pa Facebook nyumba za ku Burkina Faso zopanda malata, zopanda mapaso, denga lake njerwa zokhazokha zokhota kuchoka khoma ili kukafika khoma linalo. Pa Chingerezi amati vault. Anzanga akungoti voliti, ndi zoona?"

Voliti ayi achimwene, anthu aziyesa mukunena za magetsi. Ine ndinganene kuti denga la uta, kapena denga lokhota la njerwa mukafuna kuti ngakhale agogo amve pompopompo. Uta tonse timaudziwa mmene umakhotera, ndipo aka si koyamba Chichewa kutenga mawu amenewa pofotokoza chinthu chokhota, utawaleza uja ndi uta wa Leza basi, makolo adayang'ana kumwamba mvula itakata n'kuona uta. Chokhota chija cha pamwamba pa chitseko kapena zenera nachonso ndi uta, ndipo denga mukufunsalo ndi mauta ambirimbiri ondondozana, uwu kutsamira unzake mpaka nyumba kutha.

Kutsamira ndanenera dala. Amisiri a ku Nubia, kummwera kwa Egypt ndi kumpoto kwa Sudan, amayamba ndi khoma lakumapeto, kenako n'kumayala zidina mopendekeka kutsamira khomalo, mzere uliwonse ukugonera mzere wapitawo matope akugwira, ndiye sipafunika matabwa ochirikiza kunsi ngakhale limodzi. Nkhokwe za ku kachisi wa Ramesseum pafupi ndi Luxor ku Egypt adazimanga choncho nthawi ya mfumu Ramesses II, zaka zoposa 3,000 zapitazo, zina mpaka lero zili chiimire. Za ku Burkina Faso mwaonazo ndi ntchito ya bungwe lomwe lidayamba mu 2000, adaliyambitsa Thomas Granier mmisiri wa ku France ndi Séri Youlou mlimi wa komweko, ndipo limaphunzitsa anyamata a m'midzi lusoli.

Koma musaganize kuti mauta a njerwa ndi akunja kokha. Mukapezeka ku Blantyre dutsani pa HHI mukayang'ane tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, pazitseko ndi pamazenera mauta ali mbwee. David Clement Scott, mmishonale wa ku Scotland amene adatsogolera ntchito yomanga tchalitchichi, sadaphunzireko zojambula mapulani a nyumba, njerwa adaumbira pomwepo ndipo omanga anali anthu a komweko. Munthu yemweyo ndi amene adatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, ndiye ine ndimamuwerengera ngati mnzanga wa pantchito.

Lachiwiri ndi la mayi wina wa ku Dedza: "Kodi ndikhoza kunena kuti afolera nyumba ndi njerwa? Nanga zidina ndi njerwa zimasiyana pati, ana anga amangosakaniza."

Mayi, khutu langa likukana. Kufolera ndi kuyala chinthu pamwamba pa mapaso, udzu kaya malata, pamakhala mitengo kaye kenako chofolera. Denga la uta lilibe chogonera, limadzinyamula lokha, ndiye silifoleredwa, limamangidwa ngati mmene khoma limamangidwira. Nenani kuti amanga denga la njerwa.

Za anawo musawakalipire kwambiri. Njerwa ndi dzina lalikulu. Mwaponda dothi, mwathira m'chikombole, mwakhuthula, mwayanika padzuwa, zimenezo ndi zidina, chimodzi ndi chidina. Zikalowa mu uvuni n'kupsa kufiira ndiye njerwa zowotcha, pamenepo palibenso amene angazitchule zidina. Chomwe chimandimvetsa chisoni ndi kamvekedwe kake, munthu akati "amakhala m'nyumba ya zidina" mumamva kale kuti akunyoza, ngati dzinalo palokha ndi umphawi, chonsecho nkhokwe za ku Luxor ndanena zija ndi zidina zomwezi.

Lachitatu lachokera kwa bambo wina amene amamasulira timapepala ku bungwe lina. Akuti mawu oti sustainable pa nkhani ya nyumba amalemba kuti "zomangamanga zokhazikika", kodi zili bwino?

Bambo, ndikudziwa kumene mwazitenga, chitukuko chokhazikika chadzaza mawailesi onse. Koma tayesani kukauza mmisiri wa kumudzi kwanu kuti mukufuna nyumba yokhazikika, akuyankhani kuti maziko akumba akuya musadandaule siigwa. Kukhazikika kwa ife ndi kusagwedezeka. Nyumba ya simenti ndi njerwa zowotcha yomwe yadya mitengo ya phiri lonse ndi yokhazikika kwabasi, koma si zimene mukufuna kunena inu. Mawu achizunguwo asenza zinthu zingapo nthawi imodzi, pa Chichewa muzipatule, musankhe chomwe chiganizo chanu chikunena. Ngati nkhani ndi ya nkhuni za mu uvuni, yomwe idachititsa kuti mu 2018 boma likhazikitse malamulo oletsa njerwa zowotcha pa zomangamanga zikuluzikulu, lembani kuti kamangidwe kosawononga chilengedwe, kapena kosatha mitengo. Ngati mukunena zoti nyumba ifike kwa adzukulu, yokhalitsa. Ngati mukutanthauza zoti dothi ndi la pompo, mmisiri ndi wa m'mudzi momwemo ndipo khoma likang'aluka akonza yekha osadikira lole yochokera m'tauni, lembani zimenezo momwemo ngakhale chiganizo chitalike. Mukatha kawerengereni kapepalako mmisiri mmodzi, akakufunsani kuti "mukutanthauza chani bwana" mubwerere mukalembenso.