Buluzi wochokera ku Joni wasiya kudya, miyendo ikunjenjemera

FUNSO: Zikomo akulu. Achimwene anga pobwera ku Joni anamubweretsera mwana wanga buluzi uja amati bearded dragon, wa timinga pakhosi ngati ndevu. Timamusunga m'bokosi la galasi pa windo kuti aziotha dzuwa, kudya timamupatsa tinsima, usipa ndi nthochi. Poyamba anali wochangamuka koma pano wangoti ndwii pakona, akamayenda miyendo yakumbuyo ikunjenjemera ndipo chibwano chikuoneka ngati chafewa. Maneba ayamba kale kunong'onezana zoti tikuweta zamatsenga, nde tithandizeni asanatifere m'manja. Mayi wa ku Mpondasi, Mangochi

YANKHO: Mayi, za manebazo zisiyeni kaye, ameneyo ndi buluzi basi, m'bale wake wa gulo amene amagwedeza mutu pa mtengo wa mango kuseli kwanuko. Kwawo kwenikweni ndi ku Australia, kumadera ouma a mkati mwa dzikolo, ku Joni amangowaswetsa nkumagulitsa m'mashopu a ziweto. Akasamalidwa bwino amafika zaka 10 mwinanso kupitilira, kutalika mpaka masentimita 60 kuphatikiza mchira.

Zomwe mwafotokozazo, kunjenjemera ndi chibwano chofewa, zimaloza ku vuto la mafupa chifukwa chosowa kashiamu m'thupi. Ndipo wapalamula kwambiri ndi galasilo. Mu dzuwa muli cheza china chomwe maso saona, amati UVB, ndi chimene chimathandiza khungu la buluzi kupanga vitamini D3, ndipo popanda vitaminiyu kashiamu wa m'chakudya amangodutsa osalowa m'mafupa. Chezachi sichidutsa pa galasi. Nde buluzi wanu pa windopo akumva kutentha ndithu koma dzuwa lenileni sakulipeza, thupi layamba kusolola kashiamu m'mafupa ake omwe, nchifukwa chake chibwano chafewa chonchi.

Mwayi wanu ndi woti mumakhala ku Mangochi, anzathu aku London amachita kugula mababu odula a UVB nkumasintha pakatha miyezi 6 mpaka 12, inu dzuwa ndi laulere. Muuzeni kalipentala akukhomereni khola la matabwa ndi waya wa timaso ting'onoting'ono, lotseka ndi pamwamba pomwe chifukwa amphaka ndi akhwangwala sachedwa. M'mawa cha m'ma 8 koloko muzimutulutsa kwa ola limodzi kapena awiri, koma mbali imodzi ya kholalo ikhale pa mthunzi kuti akatenthedwa azithawirako yekha. Mwala wake woothera uzifika madigiri 38 mpaka 42, ku mthunziko pasapitilire 28 kapena 29, gulani ka temometa musamangoyeza ndi dzanja. Chomwe ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi kutulutsa bokosi lagalasilo padzuwa la mu Okutobala, mkatimo mumatentha ngati mu minibasi yotseka mawindo pa depoti ndipo sipatenga nthawi buluziyo kufa.

Tinsima ndi usipa lekani lero lomwe, nthochi mwa apo ndi apo pang'ono chabe. Akadali wamng'ono chakudya chake chachikulu ndi tizilombo tamoyo, ziwala, nkhululu zazing'ono, ngumbi nthawi yake ikakwana, ndipo kachilombo kasakule kuposa mpata wa pakati pa maso ake. Akakula zimatembenuka, masamba ndi amene amachuluka: mpiru wauwisi woduladula, nkhwani zanthete, dzungu lopalapala. Tizilomboto muzitiwaza ufa wa kashiamu musanamupatse, ukasowa wiritsani makoko a mazira, muwaumitse nkusinja mpaka akhale fumbi. Mapeyala ayi, anyezi ayi, nunkhadala ayi, ndipo ana muwauze mwamphamvu kuti ziphaniphani ndi poizoni, chimodzi chokha chikhoza kumupha. Ziwala za m'dimba lopopera mankhwala musatole, komanso tsiku lomwe mwapopera Doom kapena kuyatsa koyilo ya udzudzu iyeyo akhale chipinda china.

Pansi pa khola musathire mchenga wa kunyanja olo uoneke bwino bwanji, amaumeza limodzi ndi chakudya nkutseka m'matumbo, makamaka wodwala ngati ameneyu. Yalani manyuzipepala kapena matailosi. Nthawi ya dzinja kuno chinyezi chimachuluka, khola likhale pouma podutsa mphepo, kambale ka madzi kakhale kakang'ono.

Pano poti mafupa ndi ofooka chotsani chilichonse chomwe angakwere nkugwa, mwana asamamunyamulenyamule, ndipo pitani naye kwa dokotala wa ziweto sabata ino chifukwa akafika ponjenjemera nthawi zambiri pamafunika kashiamu wakumwa kapena jakisoni. Mafupa omwe apindika kale sawongoka, koma kulimba amalimba. Aliyense womugwira azisamba m'manja ndi sopo, abuluzi amakhala ndi majeremusi a salmonella otsegula m'mimba, ndipo mbale zake zisamatsukidwe pamodzi ndi zanu.

Achimwenewo muwafunsenso ngati anadutsa naye pa boda ndi mapepala. Nyama ngati izi zimafuna chilolezo, pitani mukafunse ku ofesi ya National Parks and Wildlife akuuzeni zoyenera kuchita, ndipo olo atakutopetsani musakamutaye kutchire.