Bitcoin sinateteze atolankhani ku El Salvador

Achimwene, mwafunsa ngati dziko lolandira Bitcoin, ndalama ya pa intaneti, limamasulanso atolankhani, poti ndalamayi ilibe mwini. Ayi ndithu. Mu Seputembala 2021, El Salvador ya Pulezidenti Nayib Bukele inavomereza Bitcoin, wotsegula pafoni Chivo, pulogalamu ya boma yosungiramo Bitcoin, akupatsidwa ya madola 30. Pofika Januwale 2022, Citizen Lab, gulu la akatswiri ofufuza zaukazitape wa pa intaneti, inaulula kuti m'mafoni a antchito 22 a nyuzipepala ya El Faro munali Pegasus, pulogalamu yaukazitape yotha kuwerenga mauthenga a owatsina khutu. Boma linati silikudziwapo kanthu. Mu Epulo aphungu anakhazikitsa lamulo lomanga mpaka zaka 15 wofalitsa mauthenga a zigawenga. Mu 2023 El Faro inasamutsira likulu lake ku Costa Rica. Chimandiwawa n'chakuti okonda Bitcoin ambiri ankangomuombera m'manja Bukele nthawi yonseyi.