Mdani ali kumbuyo koma mdidi wake ukumveka kutsogolo

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yodandaula kuti atagula mahedifoni olembedwa 7.1 (kutanthauza kuti amamveka ngati masipika angapo okuzungulirani) n'kuyatsa Dolby Atmos, pulogalamu yochititsa mawu kumveka ngati akuchokera mbali zonse, pa Xbox yake, mawu a m'gemu anayamba kumveka ngati akuchokera mumgolo, ndipo mdidi wa mdani umamveka kutsogolo pomwe mdaniyo ali kumbuyo. Akufuna kudziwa ngati anagula chinthu chowonongeka.

Ndikukayika kwambiri kuti mahedifoni anuwo ndi owonongeka. Ambiri mwa mahedifoni otchedwa 7.1 ali ndi timasipika tiwiri tokha, kamodzi khutu lililonse, ndipo zotsalazo ndi ntchito ya pulogalamu yonyengerera ubongo. Munthu amazindikira komwe mawu achokera chifukwa amafika msanga kukhutu limodzi kusiyana ndi linzake, mwa kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, komanso chifukwa mapindikidwe a khutu amawasintha pang'ono asanalowe mkati. Pulogalamu imatsanzira zimenezi pogwiritsa ntchito miyeso ya momwe mutu ndi makutu zimasinthira mawu, yotchedwa HRTF.

Kumveka ngati mumgolo kuja kawirikawiri kumadza pamene kutsanziraku kwachitika kawiri kapena katatu. Magemu ena amakonza okha mawu a mahedifoni, Xbox nayo imawakonzanso, kenako kabatani ka surround (mawu ozungulira) ka pa mahedifoni kapena pa kabokosi kake kamawonjezera zake, ndiye chimene chimafika m'makutu chimakhala chosokonekera kale. Ndikukupemphani kuti muzimitse zonsezi, musankhe Stereo uncompressed (mawu wamba a kumanzere ndi kumanja) pa Headset format mu Xbox, mumvetsere kwa kanthawi, kenako muyatse chimodzi chokha. Ngati gemuyo ili ndi 3D audio yakeyake, isiyireni ntchitoyo ndipo Xbox ikhale pa stereo. Ngati ilibe, yesani Windows Sonic, pulogalamu ya Microsoft ya mawu ozungulira, yomwe ndi yaulere ndipo yakhalapo kuyambira 2017, chifukwa kulipira Dolby Atmos kapena DTS Headphone:X sikutanthauza kuti makutu anu agwirizana nazo.

Nkhani ya kutsogolo ndi kumbuyo ndiyo yovuta, ndipo sindikufuna kukulonjezani kuti itheratu. Mawu ochokera kutsogolo kwenikweni ndi ochokera kumbuyo kwenikweni amafika m'makutu onse awiri nthawi imodzi, choncho chowasiyanitsa chachikulu ndi mapangidwe a khutu lanulo, pomwe HRTF yomwe mukumvera inachokera ku miyeso ya makutu a anthu ena. Kampani ya Sony inalidziwa vutoli. Mu 2020 a Mark Cerny, omwe anatsogolera ntchito yokonza PlayStation 5 ya Sony, anafotokoza kuti anayeza makutu a anthu pafupifupi 100, ndipo PlayStation 5 inatuluka ndi mitundu 5 ya HRTF yoti munthu asankhepo, mpaka mu 2024 pomwe anawonjezera njira yoti aliyense akonze yogwirizana ndi makutu ake. Izi zikusonyeza kuti muyeso umodzi sungakwanire aliyense, ndipo zimandipweteka kuona anthu akudziimba mlandu kapena kugula mahedifoni ena chifukwa cha zimenezi.

Pali kachizolowezi kamene kamandithandiza ine. Ndikamva mdidi wosadziwika bwino, ndimatembenuza kamera pang'ono: ndikatembenukira kumanja, mawu a kutsogolo amasunthira kukhutu lamanzere, pomwe a kumbuyo amasunthira kulamanja. Umu ndi mmenenso timachitira ndi mutu pa moyo weniweni. Pa magemu owomberana ndimabwerera ku stereo nthawi zambiri, ndipo surround ndimaisungira magemu ankhani, momwe mvula ndi mphepo zozungulira mutu zimakometsadi masewerawo.