Yankho kwa aphunzitsi amene akufuna kuyamba munda wa mitengo yophunzirirapo pakoleji

Aphunzitsi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati akuluakulu a pakoleji panu, kufupi ndi Dedza boma, akupatsani malo okwana ngati mahekitala awiri kuseri kwa mahositelo kuti pakhale munda wa mitengo yophunzirirapo, uja m'mabuku amati arboretum. Mukufunsa poyambira, mitengo yoti mubzale, komanso ngati kuli bwino kulemba aganyu kuti alambule thengo lonse mvula isanagwe. Ine ndagwira ntchito ya zankhalango zaka zambiri kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo munda wotere ndinauyambitsapo pasukulu ina. Ndiyankha motalika, mundipirire.

Aganyu aja ayambe adikira, chonde. Chimene mukuchitcha thengocho mwina ndiye theka la munda wanu. Tengani ophunzira anu, muitane mlangizi wa zankhalango ndi agogo mmodzi kapena awiri a m'mudzi woyandikana nanu, muyende malo onsewo pang'onopang'ono mukuyang'ana pansi. Malo ambiri kuno kale anali nkhalango ya mombo, tsamba, mchenga ndi msuku. Mitengo inadulidwa, koma zitsa ndi mizu zilipo zamoyo, ndipo chaka chilichonse zimaphukira, kenako khasu, mbuzi kapena moto zimadzazibweza. Mphukira ya pachitsa ili ndi muzu wa zaka makumi angapo pansi pake. Mukaisiyira nthambi imodzi kapena ziwiri zamphamvu, n'kuitchinjiriza, imakula msanga kuposa mbande ya muchubu, ndipo sifuna kuthirira. Mitundu ya mombo ndi yovuta kulera kunazale, choncho imene mwaipeza ili kale pamalopo ndi chuma. Paliponse pamene mwapeza chitsa chamoyo khomanipo chikhomo, aganyu akadzabwera adzadziwe poti asakhudze.

Chachiwiri n'choti munda uwu ndi wosiyana ndi munda wa nkhuni kapena wa matabwa. Ambiri amasokoneza pamenepa. Wobzala paini amathithikiza, mamita osapitirira atatu kuchoka pa mtengo wina kufika pa unzake, kuti mitengo ithamangire kumwamba yowongoka. Inu mukufuna kuti wophunzira adzaone mbawa mmene imakhalira ikapatsidwa malo: thunthu lake, nthambi zake, mthunzi wake. Mitengo ikuluikulu ngati mbawa, mkuyu, msambamfumu ndi msangu italikirane mamita 10. Mukatero hekitala imodzi imangolowa mitengo 100 basi. Ndiye wina akadzakulonjezani mbande 2,000 za bulugamu kuti mudzaze malowo tsiku limodzi pamaso pa alendo, muthokoze mwaulemu, koma mupemphe kuti zikabzalidwe kwina, kumene kukhitchini azikatengako nkhuni. Mtundu uliwonse mitengo itatu kapena isanu ndi yokwana, kuti umodzi ukafa ina itsale. Chaka choyamba mitundu 20 yosamalika bwino ikukwanirani.

Tsopano ndinene chimene chinandipweteka ine, chifukwa mtima wa yankho langa uli pamenepa. Pasukulu ija tinabzala bwinobwino, mitengo inagwira, aliyense anayamikira. Mayina tinalemba ndi penti pa timatabwa. Kumene mbewu iliyonse inachokera ndinkakudziwa ine ndi mnzanga mmodzi, m'mutu. Patapita zaka zochepa ine anandisamutsa, mnzangayo anapuma pantchito, timatabwa tija chiswe chinadya, penti inafufutika. Nditabwererako ndinapeza mitengo italiitali yokongola, koma mphunzitsi watsopano sankadziwa kuti uwu ndi uti, ndipo ophunzira ankangopitako kukakhala pamthunzi. Mitengo iwiri imene mbewu yake tinakaitenga kutali movutikira inali itadulidwa, poti wodulayo ankaona ngati ndi yomera yokha. Zinandiwawa, ndipo cholakwacho chinali changa. Munda wophunzirirapo umaima pa kaundula.

Gulani buku lachikuto cholimba musanakumbe ngakhale dzenje limodzi. Mtengo uliwonse ukhale ndi nambala yakeyake. Pa nambalayo mulembe dzina la Chichewa, mayina ena ngati alipo, dzina la sayansi, kumene mbewu inatengedwa, amene anaitenga, tsiku lofesa ndi tsiku lobzala. Mtengo ukafa musafufute, lembani tsiku ndi chimene chaupha, chifukwa nacho ndi phunziro kwa wodzabwera pambuyo panu. Jambulani mapu a mundawo papepala, ndipo foni ya GPS ikuthandizani kulemba pamene mtengo uliwonse waima. Kaundulayu akhale patatu: buku ku dipatimenti, kope ku laibulale, ina pakompyuta. Nambala muidinde ndi msomali pa kachidutswa ka lata, kamene dzuwa ndi chiswe sizingakafufute, n'kukakhoma pa kamzati pambali pa mtengo. Osamanga waya wothina pathunthu. Mtengo ukamanenepa waya amalowa m'khungwa n'kuupotola. Zikwangwani zokongola za mayina zibwere pambuyo. Zikabedwa kapena kufufutika, nambala ndi kaundula zidzakubwezerani zonse.

Pa mayina samalani kwambiri. Dzina loti mombo anthu amatchulira mitundu ingapo ya mitengo imene pa sayansi amaitcha Brachystegia, ndipo mtengo umodzimodzi ukhoza kukhala ndi dzina lina ku Bembeke, lina ku Golomoti. Chikwangwani cholakwika chimaphunzitsa bodza kwa zaka zambiri, ndipo ngati ophunzira anu ndi odzakhala aphunzitsi, bodzalo adzaligawa m'masukulu. Pamene mwakayika, dulani kanthambi kokhala ndi masamba ndi maluwa kapena zipatso, kapanikizeni pakati pa nyuzipepala mpaka kaume, mufunse akatswiri a zomera a ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba. Komanso muli ndi mwayi poti Malawi College of Forestry and Wildlife ili pakhomo panu pomwepa ku Chongoni. Pitaniko ndi kalata ya akuluakulu anu, mukacheze ndi aphunzitsi a kumeneko. Ku ofesi ya zankhalango paboma nakonso musakudumphe.

Za mitundu yoti mubzale, kumbukirani kumene muli. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julaye chisanu chimawaula mbande, makamaka m'munsi cha kudambo kumene mphepo yozizira imakhazikika usiku. Mlambe, bwemba ndi masawu ndi mitengo ya kotentha, ya ku Mtakataka, Golomoti ndi kuchigwa cha Bwanje. Mukhoza kuyesa umodziumodzi pamalo a dzuwa otetezeka kumphepo, koma musadabwe ikamakula monyinyirika, ndipo kunyinyirikako kudzaonetsa ophunzira chifukwa chake mitengo ya kunyanja siikwera phiri. Kumtunda kouma ikani msuku, muula, mpoza, chitimbe, muwanga, mlombwa, naphini. Ngati pali khwawa kapena ponyowa, pamenepo ndi pa katope, mwimbi, mkuyu ndi mbawa. Patulani ngodya ya mitengo ya m'munda, msangu, mthethe, mtangatanga ndi gliricidia, kuti amene adzakalangize alimi aione ikugwira ntchito ndi chimanga pansi pake. Mitengo yakunja, paini, bulugamu, malaina, cypress, nayo ikhalepo mbali yakeyake, poti ophunzira adzakumana nayo kulikonse. Bulugamu yekha mum'talikitse ndi madzi komanso ndi mitengo ina. Lantana, chitsamba chakunja chofalikira msanga, musamulole ngakhale ngati mpanda, mbalame zidzakufalitsirani munda wonse.

Mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei, ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984, ndipo kwawo kuphiriko watsala pang'ono kutheratu. Umakonda kozizira, choncho kuno n'koyenera kuuyesa, koma moto suupirira ngakhale pang'ono. Muziuyang'anira nsabwe za m'mitengo zija zinaoneka koyamba m'dziko muno mu 1986 n'kuwononga cypress wambiri, chifukwa nawo zimaugwira. Mbewu yake, pamodzi ndi za mitundu ina yambiri, funsani ku Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba, kumene kuli nkhokwe ya mbewu za mitengo.

Koma mbewu zambiri mutolere nokha ndi ophunzira, poti kutolerako ndi kalasi kale. Mitengo yakale yachilengedwe imene yatsala m'midzi yathu yambiri ili kumanda. Kumeneko simungangolowa, mukudziwa mwambo wake, muyambe mwagwada kwa amfumu ndipo iwo ndiwo anene wokutengerani. M'nkhalango za boma ngati Chongoni, Dedza-Salima, Mua-Livulezi, kapena Dzonzi ndi Mvai ku Ntcheu, pemphani chilolezo ku ofesi ya zankhalango. Mbewu ya mtundu umodzi muitenge pa mitengo ingapo yotalikirana, osati pa mayi mmodzi.

Mbewu iliyonse ili ndi khalidwe lake, ndipo apa ndi pamene anthu amagwa mphwayi n'kuyamba kunena kuti mitengo yachikuda siimera. Imamera. Nthangala za masuku sizisungika, mukadya chipatso lero, tsukani mufese sabata yomweyo. M'dothi la muchubu sakanizanimo dothi lotapa pansi pa msuku waukulu, chifukwa mizu yake imakhalira limodzi ndi tizamoyo ta mtundu wa bowa timene timaithandiza kuyamwa chakudya, ndipo popanda ito mbande imangokhala yachikasu. Paini nayenso ndi chimodzimodzi. Dziwaninso kuti msuku uli ndi waumuna ndi waukazi, ndiye mukabzala umodzi wokha mukhoza kudikira zipatso mpaka kalekale. Mbewu ya mbawa nayo imafa msanga, ifeseni ikangogwa. Ya msangu, mthethe ndi mtangatanga ili ndi chikopa cholimba, ichekeni pang'ono kumbali ndi chowengera zikhadabo kapena muiviike m'madzi otentha, apo ayi idzagona m'dothi milungu yambiri. Mlombwa ndiye woyesa mtima: kamtengo kamamera, chilimwe kauma kumtunda, dzinja kaphukanso, chaka ndi chaka, pamene muzu ukukula pansi, mpaka tsiku lina kadzanyamuke. Ambiri amazula poganiza kuti kafa. Mukalemba zimenezi m'kaundula, wodzabwera sadzazula.

Kunazale, muzisuntha machubu pakatha milungu iwiri iliyonse n'kudula mizu yotulukira pansi, ndipo kukatsala mwezi kuti mubzale chepetsani madzi ndi mthunzi kuti mbande zikhwime. Mayenje akhale masentimita 60 m'lifupi, m'litali ndi kuya, akumbidwe mvula isanayambe, dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owolerana libwerere pansi. Nyengo yobzala mitengo ya boma imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma inu musadikire Malichi. Bzalani nthaka ikangonyowa mokwanira, kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale, kuti mizu ipeze miyezi itatu ya mvula.

Tsiku lobzala silivuta, anthu amabwera ambiri. Funso loti mufunse akuluakulu anu lero ndi ili: mu Ogasiti, ophunzira ali kutchuthi, anyamata akutentha tchire posaka mbewa, mbuzi zamasulidwa m'midzi, adzakhale m'mundamo ndani? Nanga mu Okutobala adzathirire ndani, ndi madzi ochokera kuti? Ngati palibe yankho, chepetsani mundawo mpaka ufike pamene yankho lipezeke. Lambulani njira yotchinga moto kuzungulira munda wonse udzu usanaumitsitse, cha mu Meyi kapena Juni, ndipo udzu wa m'kati umwetedwe. Mbande iliyonse ikhale ndi kampanda kake zaka zitatu zoyamba. Pophimbira, zinyalala zisagunde tsinde, zimaitana chiswe. Pakhale munthu mmodzi wolipidwa amene ntchito yake yolembedwa ndi mundawu, ndipo kandalama kake kalowe mu bajeti ya koleji chaka ndi chaka, osadalira abwenzi akufuna kwabwino okha, amene amabwera n'kupita.

Anthu oyandikana nanu musawaone ngati adani. Khalani pansi ndi amfumu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzimo, mugwirizane kuti amayi azimweta udzu wofolera, azitola nkhuni zouma tsiku loikika, ana azitola masuku, ndipo bowa akayamba kumera pansi pa mombo azizula. Amene akupindula ndi malo sawayatsa moto. Asing'anga adzabwera ndithu kufuna makungwa ndi mizu, ndipo ndi bwino abwere masana ngati aphunzitsi anzanu kusiyana n'kuti abwere usiku. Mugwirizane kuti khungwa lisasendedwe kuzungulira thunthu lonse, chifukwa mtengo wotero umafa.

Pa kaphunzitsidwe, chimene ndinaona chikugwira ntchito ndi kupatsa wophunzira aliyense mitengo yake iwiri kapena itatu kuyambira chaka choyamba. Mwezi uliwonse alembe: yaphuka masamba liti, maluwa liti, zipatso liti, kwabwera mbalame kapena tizilombo tanji. Kamodzi pachaka ayeze kunenepa kwa thunthu pa msinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi, poyeza kuzungulira ndi tepi n'kugawa ndi 3.14, ndipo kutalika akupeze poyerekeza chithunzithunzi cha mtengo ndi cha ndodo yodziwika muyeso. Masamu, sayansi ndi Chichewa zakumana pamtengo umodzi. Wophunzira amene waona yekha msangu ukuyoyola masamba dzinja, pamene mitengo ina yonse yabiriwira, sadzaiwala chifukwa chake chimanga chimachita bwino pansi pake. Amene waona mombo ukutulutsa masamba ofiira mu Seputembala, mvula isanagwe n'komwe, adzafunsa yekha kumene madziwo akuchokera, ndipo phunziro la mizu layambika. Akamamaliza maphunziro, apereke mitengo yake ndi kabuku kake m'manja mwa wachaka choyamba, pamaso pa anzawo. Itananinso osema mitondo ndi ng'oma, ngakhale osema ziboliboli a ku Mua, adzafotokoze chifukwa chake amasankha mtengo uwu n'kusiya uwo. Zimene amadziwa anthu amenewa zambiri sizinalembedwe, ndipo ophunzira anu akhoza kukhala oyamba kuzilemba.

Mukayenda pamalopo ndi agogo aja, jambulani zitsa ndi mphukira zimene mwapeza, masamba aoneke bwino kutsogolo ndi kumbuyo, muziike muno m'gulu lathu lokambiranali. Mutiuzenso ngati malowo ndi otsetsereka, dothi lake ndi lotani, ndiponso mjigo kapena mpopi uli patali bwanji. Tikaona zimenezo tidzathandizana kusankha mitundu 20 yoyambira.